Kupatsa N'kuika, Nanga Wosunga Nkhokwe Akuti Bwanji?

 

Nthawi zambiri tikayamba kulankhula za chopereka, chala chathu chimaloza kwa inu. Timati patsani, musaumire, kumbukirani amasiye. Mwamva zimenezi kambirimbiri, ndipo ambiri a inu mumapatsadi. Lero chala chija tachitembenuza, chikuloza ife amene timalandira: asungichuma, alembi, makomiti a m'masekishoni, atsogoleri a timagulu tosamalira odwala pakhomo, oyendetsa masukulu a m'komboni, ndi aliyense amene dzanja lake limagwira ndalama imene munthu wina anaitulutsa pa mfundo ya chitenge chake. Ngati inu simusunga ndalama ya gulu lililonse, musazime wailesi, chifukwa nkhaniyi ndi ya ndalama yanu.

Tiyambe ndi kuulula kulakwa kwathu. Tili ndi kagulu ka amayi ndi abambo kamene kamaphikira ana amasiye Loweruka lililonse. Amayi ena ogulitsa tomato ndi lepu pa msika wa Mtendere ankatipatsa K50 mwezi ndi mwezi, kwa zaka ziwiri, osadumpha. Kenako analeka. Ife tinadziyankha tokha kuti malonda avuta, popeza chinali chaka cha 2024, chaka cha chilala chimene a Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse. Patapita miyezi inayi, mkulu wina wa m'gulu lathu anapita kukagula ndiwo pa tebulo lawo, ndipo pokambirana anawafunsa mwaulemu ngati zinthu zili bwino kunyumba. Amayi aja anamangirira tomato m'pulasitiki, naika ndi mbasela, kenako anati: "Atate, kandalama kakadalipo pang'ono. Koma ine ndinatopa kuponya mwala m'chitsime chosamveka kuti thibu. Zaka ziwiri simunandiuzepo kuti ana aja alipo angati, akudya chiyani. Mumandikumbukira pakutha pa mwezi basi."

Sanatinene kuti ndife akuba, ndipo kunena zoona sitinabe ngakhale ngwee imodzi. Ndalama yawo inagula unga, soya, mafuta ndi malasha, ana anadya. Koma mkulu uja anabwera pa msonkhano nkhope itagwa, ndipo titamva mawuwo tonse tinakhala chete, chifukwa panalibe chotsutsa.

Taganizani kulemera kwa K50 imeneyo. Bungwe la Jesuit Centre for Theological Reflection, limene mwezi uliwonse limawerengera mtengo wa zofunika pa banja la anthu asanu, linapeza kuti mu 2024 ndalama yofunika kuno ku Lusaka inapitirira K10,000 pa mwezi. Thumba la unga wa bulekifasiti la makilogalamu 25 linapitirira K300. Ndi angati pa msika wathu amene amapeza K10,000 pa mwezi? Amayi aja ankachotsa K50 pa ndalama yopikulira tomato ku Soweto, mwina pa ndalama ya basi ya mwana wawo wa sukulu. Ife tinkailandira ngati kuti yagwa yokha kuchokera mumtengo.

Makolo athu anati kupatsa n'kuika. Mwambi umenewu timaukonda ife opempha, chifukwa umalimbikitsa anthu kutsegula dzanja. Koma tauyang'aneni mbali inayo. Ngati kupatsa kuli kuika, ndiye kuti wolandira ndi wosunga nkhokwe. Munthu amene waika chimanga chake m'nkhokwe mwanu ali ndi ufulu wobwera kudzasuzumira, kuona ngati anankafumbwe sanalowe, ngati denga silikudontha. Akafunsa, musamuyankhe ngati wakutukwanani. Chimangacho ndi iye anachilima.

Tiyeni titsegule Malemba pa 2 Mafumu mutu 12. Kachisi wa ku Yerusalemu anali atang'ambika makoma. Mfumu Yehoasi inalamula kuti ansembe azilandira ndalama kwa anthu, aliyense kwa amene akudziwana naye, ndipo akonze pamene pawonongeka. Zaka zinapita. Pofika chaka cha 23 cha ufumu wake, ming'alu inali ikadali pomwepo. Chochititsa chidwi n'chakuti mutuwo sunena kuti ansembe anaba. Ndalama inkangolowa m'manja ambiri, yopanda woiwerenga, n'kusungunuka ngati mchere m'ndiwo. Ambiri a ife timaidziwa nthenda imeneyi. Wina wasunga K200 ya gulu m'thumba la jekete, mwana wadwala usiku, wabwerekako ndi mtima wodzabweza, ndipo pofika pa msonkhano sakukumbukanso kuti yake inali iti, ya gulu inali iti.

Mankhwala ake anali osavuta. Wansembe Yehoyada anatenga bokosi, nabowola chivindikiro chake, naliika pafupi ndi guwa pamene aliyense wolowa ankaliona. Likadzaza, ankabwera anthu awiri, mlembi wa mfumu ndi mkulu wa ansembe, kudzawerenga ndi kumanga ndalamayo m'matumba. Kuchokera pamenepo inkapita kwa oyang'anira ntchito, iwo n'kulipira akalipentala, omanga ndi osema miyala. Buku la 2 Mbiri mutu 24 likamafotokoza nkhani yomweyi limaonjezera kuti akalonga ndi anthu onse anakondwera, naponya ndalama m'bokosilo mpaka kudzaza. Anthu ake anali omwe aja, umphawi wawo womwe uja. Chimene chinasintha n'chakuti tsopano ankaona kumene ndalama ikulowa, ndipo ankamva nyundo zikulira pa khoma.

Pali mawu amodzi m'mutu umenewu amene asungichuma ena amawakonda kwambiri. Akuti oyang'anira ntchito aja sankafunsidwa kuti afotokoze mmene agwiritsira ntchito ndalama, chifukwa ankachita mokhulupirika. Wina anganene kuti, "Mwaona, ngakhale Baibulo likuti munthu wokhulupirika asafunsidwe." Pang'onopang'ono, m'bale. Anthu aja sankafunsidwa chifukwa khoma linkawayankhira. Aliyense wobwera kudzapembedza ankaona matabwa atsopano ndi miyala yosemedwa kumene. Inu ngati simufuna mafunso, onetsani khoma.

Mtumwi Paulo nayenso anasonkhetsapo ndalama, ndipo inali ntchito ya zaka zingapo, yothandiza Akhristu osauka a ku Yerusalemu. Pa 1 Akorinto 16 akuwauza kuti aliyense azipatula kanthu tsiku loyamba la sabata monga mmene wapezera, kuti pasadzakhale kusonkhetsa kwa phuma iye atafika. Ndiko kuti sanafune kuti anthu apereke chifukwa chochita manyazi pamaso pa mlendo wolemekezeka. Akuwauzanso kuti iwo eni asankhe anthu onyamula mphatsoyo, ndipo iye adzawapatsa makalata. Pa 2 Akorinto 8 tikuona kuti anatuma Tito pamodzi ndi abale ena awiri, mmodzi mwa iwo wosankhidwa ndi mipingo yomwe inapereka. Chifukwa chake akuchinena poyera: sanafune kuti munthu apeze pomunenera pa ndalama yochuluka chotero, ndipo anafuna kuti zinthu zioneke zolungama kwa Ambuye ndi kwa anthu omwe. Ameneyu ndi Paulo, amene anakwapulidwa ndi kumangidwa chifukwa cha Uthenga. Ngati iye sanadalire mbiri yake yokha, ife ndife yani kuti tikwiye pamene mayi wa pa msika afunsa za K50 yake?

Ndipo taonani mmene ankathokozera. Ali m'ndende, mpingo wa ku Filipi unamutumizira thandizo kudzera mwa Epafrodito. Kumapeto kwa kalata ya Afilipi, Paulo akutchula dzina la amene anabweretsa mphatsoyo, akuwatsimikizira kuti zonse zafika, ndipo akukumbukira kuti kale anamutumiziranso kangapo ali ku Tesalonika, pa nthawi imene mipingo ina sinachite zimenezo. Odziwa Chigiriki amatiuza kuti liwu limene analemba ponena kuti walandira zonse ndi lomwe amalonda a nthawi imeneyo ankalemba pa malisiti. Mtumwi analemba lisiti! Ndipo pa mutu 2 akuwauzanso nkhani yovuta, kuti mthenga wawo anadwala pafupi kufa. Sanawabisire.

Tikudziwa chimene ena mukuganiza. Mukuti Yesu anaphunzitsa pa Mateyu 6 kuti chopereka chikhale cha m'seri, wopatsa asafune kutamandidwa. N'zoona. Koma lamulo limenelo anapatsidwa ndi wopatsa. Ife osunga tinalilanda n'kulisandutsa bulangeti lofunda ulesi wathu. Wopatsa asaimbe lipenga, inde. Koma palibe pamene Yesu anauza wosunga thumba kuti asalembe, asathokoze, asafotokoze. Ndipotu m'gulu la ophunzira munali wosunga thumba, ndipo Yohane mutu 12 ukutiuza kuti ankatapamo.

Dziko lathu laphunzira phunziro limeneli mowawa. Mu Seputembala 2018, dziko la Britain, pamodzi ndi Ireland, Finland ndi Sweden, anaimitsa thandizo lawo atamva kuti ndalama za Social Cash Transfer, zimene zinayenera kufika kwa okalamba ndi mabanja ovutika, sizinaoneke bwino kumene zinapita. Pa 8 Meyi 2025, kazembe wa America kuno, a Michael Gonzales, analengeza kuti dziko lawo lichotsa madola 50 miliyoni pa chaka pa thandizo la mankhwala, ndipo chifukwa chimene anapereka n'chakuti mankhwala operekedwa kwaulere ankabedwa n'kumagulitsidwa m'mashopu. Sitili pano kuweruza milandu imeneyo, ili ndi eni ake. Tikungoti wopatsa wamkulu akakhumudwa amaitana atolankhani, dziko lonse n'kumva. Wopatsa wamng'ono amangoleka mwakachetechete, ndipo ife timati malonda avuta. Pa zonse ziwiri amene amagona ndi njala kapena kusowa mankhwala ndi munthu amene sanalakwe kanthu.

Pamene thandizo lakunja likuchepa chotere, ntchito zachifundo za m'makomboni mwathu zidzadalira kwambiri ife tomwe. Nyumba ngati ya masisitere a Mother Teresa kuno ku Mtendere, masukulu a m'komboni, timagulu tophikira ana, zonsezi zimakhalapo chifukwa pali wina amene amatulutsa kanthu. Mabungwe ambiri anaphunzira kulemba malipoti aatali m'Chingerezi otumiza ku London ndi ku Washington, okhala ndi zithunzi ndi masiginecha. Koma kwa ambuya amene anabweretsa kathumba ka malasha atasenza pamutu, ngakhale zikomo wa pakamwa amaiwalika. Yakobo mutu 2 anachenjeza za kupatsa mpando wabwino munthu wa mphete yagolide n'kuimika wosauka kumbuyo. Ife tinasamutsa tsankho lomwelo, tinaliika m'mabuku a ndalama.

Chodabwitsa n'chakuti luso lofunika tili nalo kale. Pitani pa nyumba ya maliro iliyonse muno mu Mtendere. Mupeza kabuku ndi munthu wokhala pafupi ndi mbale, akulemba aliyense amene wapereka, kaya K5 kaya thumba la unga. Maliro akatha, banja limakhala pansi n'kumva kuti zinalowa zingati, bokosi linadya zingati, basi yopita kumanda zingati, zatsala zingati. Pa chilimba aliyense amadziwa tsiku lake ndi la mnzake, ndipo palibe amene amati kufunsa n'kusakhulupirira. Nanga bwanji ndalama ikalowa m'dzina la Mulungu timazima nyali?

Tikuuzeni zimene tinasintha m'kagulu kathu, mwina zingathandize lanu.

Choyamba chinali nambala ya foni. Tinkalandira ndalama pa Airtel Money ndi pa MTN kudzera pa nambala ya msungichuma wathu. Munthu akamatumiza, pa foni pake pankatuluka dzina la munthu, dzina la gulu osaoneka. M'masiku ano pamene tonse timalandira mauthenga a akathyali onena kuti ndalama ija tumizani pa nambala iyi, mtima wa wopatsa umagunda asanadinde. Ndiponso msungichuma mwini wake ankavutika, chifukwa ndalama ya gulu inkasakanikirana ndi ya lenti yake. Tinalembetsa gulu, tinatsegula akaunti ya m'dzina la gulu, ndipo ndalama situluka popanda anthu awiri osachokera m'banja limodzi. Zinatitengera maulendo angapo a m'tauni ndi mapepala otopetsa. Msungichuma wathu, amene poyamba anaona ngati tikumukayikira, ndiye anayamba kunena kuti tsopano akugona tulo.

Tinagulanso buku la malisiti la kaboni, ndipo tinagwirizana kuti dzuwa lisalowe kawiri munthu asanamve kuti mphatso yake yafika. Kauthenga ka pa foni n'kokwanira, kotchula dzina lake ndi zimene wapereka. Wopereka malasha, nyemba kapena tsiku lake lotsuka mapoto timamulembanso m'buku lomwelo. Pa ndalama za pa foni timanena zoona za zimene zimadulidwa pochotsa pa buthu, kuti wotumiza K100 asadabwe poona kuti m'buku mwalowa yocheperapo.

Chimene chinativuta kwambiri kusiya ndi kuwerenga maina ndi ndalama zake pagulu. Mwambo umenewu umadzetsa ndalama msanga, tisanamizane. Akuti a uje apereka K2,000, nthungululu n'kumveka, ndipo wotsatira amachita manyazi kutulutsa yochepa. Koma tinazindikira kuti amayi ena analeka kubwera pa tsiku la zopereka chifukwa choopa kumva dzina lawo likutchulidwa ndi K10 pambuyo pa munthu wa K2,000. Pa Marko 12 Yesu anakhala moyang'anana ndi mosungiramo zopereka, naona mkazi wamasiye akuponya timakobiri tiwiri, ndipo anaitana ophunzira ake kuti awauze kuti ameneyu waposa onse. Dzina la mayiyo sitilidziwa mpaka lero. Tsopano timalengeza chiwerengero chonse ndi mmene chagwirira ntchito, timachimata pa khoma mwezi uliwonse, ndipo maina amakhala m'buku. Wofuna kuona mzere wake amabwera, timamutsegulira. Mwezi woyamba ndalama inatsika, ndipo ena a ife anang'ung'udza. Sitinabwerere m'mbuyo.

Za zithunzi tinene mwachidule. Opatsa amafuna kuona, n'zoona, koma mwana wamasiye si chikwangwani cha malonda. Chithunzi chake atanyamula mbale chikalowa pa Facebook kapena pa WhatsApp, mawa anzake ku sukulu amuseka nacho. Timajambula mapoto, matumba a unga ndi manja ophika. Wofuna kuona ana abwere Loweruka adzagwire chikombe, adzawagawire yekha.

Chinanso n'chakuti ndalama yoperekedwa pa chinthu china isapatutsidwe mwakachetechete. Nthawi ya kolera, kumayambiriro kwa 2024, pamene odwala ankagonekedwa ku National Heroes Stadium ndipo masukulu anachedwa kutsegulidwa mpaka mu Febuluwale, ife tinatenga ndalama imene anthu anapereka kuti tigulire ana mayunifomu n'kugulira klorini, sopo ndi mabaketi. Tikuganiza kuti chinali chanzeru. Kulakwa kwathu kunali kusauza eni ake. Bambo wina amene anapereka za mayunifomu anadzaona ana akupita ku sukulu ndi zovala zakunyumba, ndipo anaganiza zimene aliyense akanaganiza. Foni imodzi ikanatha nkhaniyo. Mwina akanavomera, mwina akanakana, koma ndalama inali yake kufikira itagwira ntchito imene anaiperekera.

Ndipo zikalephereka, nenani. Thumba la unga likanyowa ndi mvula chifukwa denga la sitolo linadontha, lembani pa khoma kuti thumba limodzi linawonongeka. Timaopa kuti anthu akamva zoipa athawa. Ife taona kuti amene amathawa msanga ndi amene amangomva zabwino zokhazokha, chifukwa aliyense wa mu komboni amadziwa kuti palibe khitchini imene nsima siinapsererepo.

Inu opatsa, mbali yanu ndi yaifupi. Funsani. Funsani mwaulemu, koma funsani: gulu ili ndi lolembetsedwa kodi, amawerenga ndalama ndi ndani, ndingabwere liti kudzaona? Kufunsa kotero kumateteza wosunga wokhulupirika ku mayesero ndi ku miseche. Ndipo musamange chingwe pa mphatso yanu kuti muzikoka nacho atsogoleri, kapena kuti mwana wa mlongo wanu alembedwe poyamba. Zimenezo ndi kugula, ndipo tidzazikamba tsiku lina.

Amayi a pa msika aja tinawayendera tili atatu, titanyamula buku. Tinapepesa, tinawaonetsa miyezi 24 ya K50 yawo, mzere ndi mzere, ndi zimene zinagulidwa. Anayang'ana nthawi yaitali osalankhula, makasitomala akudikira. Kenako anafunsa kuti ana amadya nthawi yanji. Loweruka lotsatira anafika ndi beseni la tomato wofewa amene sakanagulika, naima pa moto mpaka ana onse atadya, ndipo anatidzudzula kuti timathira mafuta ambiri m'soya. K50 ija sanayambirenso mpaka lero, ndipo sitinawafunse. Loweruka likubwerali ndi iwo amene adzawerenge bokosi pamodzi ndi mlembi.